Lamba Wotsiriza wa Mkeka wa Lute

Makokoba, Bulawayo
Lolemba masana

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji?

Pepani kuti ndikukusokonezani pa mpumulo wanu. Ndakhala masiku atatu ndikutenga pensulo n'kuibwezeranso m'chitini, poganiza kuti munthu amene anatula katundu wake sayenera kusenzetsedwanso nkhani za mikeka. Koma palibe wina amene angayankhe funso limene ndili nalo. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunaphunzire. Ndinamva kuti aphunzitsi a Simeoni, aja ankakuwerengerani makalata anga, anakutsatirani chaka chatha. Ngati muli nawo pafupi apempheni akuwerengereni. Muwauze asathamange monga ankachitira, ndiponso asadumphe mizere imene akuiona ngati yosafunika.

Ndiyambe ndi za pakhomo, poti munkati mlendo sayamba mlandu asanamwe madzi.

Mkamwini wanu ali bwino. Akadali ku njanji, pa ntchito yawo yomwe ija ya malasha. Imvi zayamba, ndipo chifuwa chimawavuta nyengo yozizira ikamayandikira, koma akudya ndithu. Mdzukulu wanu Yakobe anakwatira patapita zaka ziwiri chibwerere ine kuchokera kometa maliro anu. Mkazi wake ndi mwana wa anzathu a ku Dedza, wofatsa, ngakhale amathira mchere wambiri m'ndiwo. M'mwezi wa Januwale anatipatsa mwana wamkazi ndipo tinamutcha Malita, dzina lanu. Khandalo limakwinya pamphumi likamayang'ana munthu, ndendende mmene munkachitira poyesa nsalu ya wogulitsa. Nthawi zina ndikamamusambitsa ndimachita manyazi, ngati ndalakwa kanthu.

Kamunda kathu kakuseri kwa lokeshoni kanatipatsa chimanga chokwanira kudzaza diramu limodzi, maungu asanu ndi anayi, ndi mbatata zimene sitinakumbebe. Chigawo china apolisi a lokeshoni anachitchetcha chisanakhwime, akuti m'tauni salima. Nkhuku yanga yoyera inasowa m'mwezi wa Malichi. Ndikudziwa khomo limene inalowa, koma ndinangokhala chete chifukwa timatunga madzi pampope umodzi. Denga likudontha pamwamba penipeni pa bedi, ndiye bedi tinalikokera kukhomo, moti wolowa m'nyumba amayamba wapereka moni ku mapazi a mkamwini wanu.

Kudonthako n'chifukwa cha mvula imene yatidabwitsa tonse. Tili mu Meyi, Amayi. Kuno nthawi ino udzu umakhala utayamba kufiira, kumwamba kuli mbee, kamphepo kozizira kakuulutsa fumbi m'misewu. Koma chaka chino kwagwa mvumbi, ndipo lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi. Sigwa mwaukali ayi. Imangonong'ona pa malata, kusiya pang'ono, n'kuyambiranso. Utsi wa sitima sukwera, umangoyenda chapansipansi pakati pa nyumba ngati nawonso ukufuna pobisala. Masamba a mitengo ya m'mbali mwa msewu agwa n'kumatirira pansi. Anthu akuyenda atafunda masaka kumutu, ndipo ukawaona patali sudziwa ngati akubwera kapena akupita.

Masiku otere ndimakhala pakhomo, miyendo nditatambasula, milaza ili m'beseni pambali panga, ndikuluka. Tiwiri pamwamba, tiwiri pansi, kakuda katsogole. Zala zimadziwa zokha, ndiye mutu umamasuka n'kupita kumene ukufuna. Tsiku lina ndinaganiza kuti nditalumikiza malamba onse a milaza, aja timasoka kukhala mkeka, amene ndaluka m'zaka makumi awiri zimene ndakhala kuno, bwenzi atadutsa Halale, atawoloka mtsinje pa Tete, n'kukafika pakhonde panu. Ndinadziona ndikuyenda pa lambayo wopanda nsapato, wopanda chitupa, popanda wondifunsa kumene ndikupita. Nditafika chakufupi ndinamva fungo la milaza yoyanika padenga la khola, ndipo inu munali chagada pamkeka mukuyang'ana mitambo, monga munkachitira mukatopa msana. Ndinadzidzimuka ndi belu la njinga ya wogulitsa buledi. Nditayang'ana m'manja ndinapeza ndaluka mkono wathunthu popanda kulakwitsa ngakhale pamodzi.

Tsopano nkhani imene ndakulemberani. Lute akukwatiwa Loweruka likubwerali. Mukumukumbukira ali pamsana, pa ulendo uja ndinabwera naye kudzakuonetsani. Lero ndi wamtali kuposa ine, ndipo amayankhula Chinyanja chophatikiza ndi Chindebele, moti mukanamumva mukanaseka mpaka kutsokomola. Mnyamatayo dzina lake ndi Mandla, Mndebele wa kumapiri a Matopo, amakonza njinga m'tauni. Ndi waulemu, amavula chipewa akadali pamsewu. Musadandaule za iye.

Kwa anthu amenewa mkwatibwi salowa chimanjamanja. Amapita ndi mphasa ndi mikeka yopatsa akuchimuna, ndipo amayi a kumeneko amaiyala pabwalo umodziumodzi, anthu onse akuona. Ati pamenepo ndi pamene amadziwira nyumba imene mtsikana wachokera. Mandla ali ndi azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene mbiri yawo yafika mpaka kuno ku Makokoba. Ati amatembenuza mkeka, n'kuyendetsa chala chachikulu mumsoko kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osayankhula kanthu. Akamaliza amangoti "yebo", ndiye inde wawo, kapena amangopukuta chalacho pa nsalu yawo. Mtsikana amene mkeka wake anaupukutira chala amakhala nalo dzinalo mpaka adzakhale ndi zidzukulu. Ndiye onjezani kuti Lute ndi mwana wa anthu obwera, amene kuno amangotitcha Manyasa.

Ndinayamba kukonzekera chaka chatha. Mikeka isanu yopatsa akuchimuna ndinamaliza mvula ya Disembala isanayambe, ndipo ndinaiyang'ana mbali zonse kawirikawiri. Wachisanu ndi chimodzi ndi wa Lute ndi mwamuna wake, waukulu, wa mapazi a nkhanga, luso lija munandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi. Kuno palibe amene amaluka motero. Mphasa zawo ndi zabwino, za udzu wa m'madambo, koma mapazi a nkhanga sawadziwa. Ndinafuna kuti akayala mkeka umenewo pabwalo aone kuti nafenso tinachokera kwa anthu.

Unatsala mzere umodzi wokha, wa m'mphepete, pamene milaza yakuda inandithera. Ndinaphika ina ndi makungwa, monga timachitira kuno poti dothi lakuda la m'dambo lija munkakwiriramo milaza yanu kulibe. Ndinaiyanika pa waya m'mawa kuli dzuwa, ndipo masana ake mvumbi unayamba. Ndinailowetsa m'nyumba, ndinaipachika pamwamba pa mbaula, ndinkaitembenuza m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachisanu inachita chuku, ndipo ndikaipinda inkangoduka ngati ndiwo zofutsa. Amayi amene amabwera ndi milaza pa sitima kuchokera kutchire sanabwere, ati mitsinje yadzaza. Kusiya mkeka wopanda mzerewo sikutheka. Ungakhale waufupi, mapazi a mkamwini wanga angamagone pansi, ndipo chimenecho ndi chipongwe m'chilankhulo chilichonse.

Pamenepo ndinakumbukira mpukutu wanu. Tsiku lometa lija, Nachisale mng'ono wanga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundipatsa lamba amene munkaluka musanagone pansi, wokulunga bwinobwino ngati nkhata, timasamba ta kumapeto tikadali panja tosaluka. Anati, "Achemwali, tengani inu, ine ndikamamuona sindigona." Ndinamukulunga m'nsalu n'kumuika pansi pa sutikesi. Zaka zisanu sindinamutambasule. Ndinkangotsegula, kununkhiza, n'kutseka.

Lachinayi lapitali ndinamutulutsa. Ndinamuyeza ndi mkeka wa Lute: m'lifupi ndi chimodzimodzi, zala zitatu, ndipo kutalika kwake kukwana mzere wotsalawo popanda chotsala. Ndi mapazi a nkhanga omwewo. Ndinakhala naye pansi.

Ndiye ndinayamba kumutambasula pang'onopang'ono, kuchokera pamene munayambira. Amayi, inu simunandilembere kalata ndi dzanja lanu moyo wanu wonse, koma tsiku limenelo ndinawerenga. Poyambirira ndi polimba, pothina, nkhanga zikuyenda mumzere ngati zikupita kumadzi. Pena pali kadontho kofiirira, ndipo ndinadziwa kuti apa munaima kuti mununkhize fodya wanu. Pena pada ndi utsi mbali imodzi, ndiye kuti inali nthawi ya mvula ndipo munkalukira m'khitchini. Pena mwalumikiza kasamba katsopano mobisa kwambiri moti ndinachita kufufuza ndi chikhadabo. Ndinkamva ngati mwakhala pambali panga, bondo lanu likukhudza langa.

Nditapitirira theka, m'mphepete mwa kumanzere munayamba kulekerera. Pang'ono pokha, wina sangaone. Kenaka ndinapeza pamene mwadumpha titatu m'malo mwa tiwiri. Munabwerera munjira, n'kudumphanso. Chakumapeto, pafupifupi mkono wathunthu, kakuda kasochera. Kakulowa pamene payenera koyera, nkhanga zabalalika, ina yayang'ana kumbuyo, ina ilibe chala. Ndinazindikira kuti maso anu anali atasiya kusiyanitsa chakuda ndi choyera, ndipo munkaluka ndi zala zokha.

Miyezi yonse imeneyo makalata ochokera kumudzi ankati, "Amayi ali bwino, akuluka ndithu." Sananame. Munkalukadi. Ine ndinkawerenga, mtima n'kukhala pansi, n'kunena kuti ndipita chaka chamawa.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga, ndipo ndikupempha aphunzitsi awerenge mofatsa. Ndinakhala ndi lambayo pamiyendo nthawi yaitali, ndikuyang'ana mvula ikutsika pa waya wa zovala, dontho kuthamangira linzake, kugundana, n'kugwa. Sindikudziwa kumene mutu unapita. Pamene ndinayang'ananso pansi, ndinapeza zala zanga zikumasula. Zinaona polakwika n'kuyamba ntchito yake, monga zimachitira ndi lamba wanga aliyense. Zinali zitamasula kale chikhatho chimodzi ndi theka. Zimene munaluka pomalizira penipeni pa moyo wanu, mwina masiku atatu, mwina sabata yathunthu, ine ndinazimasula nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Ndinakuwa. MaSibanda, mnzanga wa khomo loyandikana, anathamanga ndi chipande m'manja poganiza kuti ndalumidwa ndi chinkhanira. Nditamufotokozera anaika manja m'chiuno.

"Hawu, NaYakobe! Ukulirira masamba? Inu Manyasa mumalemekeza mkeka kuposa mwamuna."

Ndinati, "Mwamuna ndikamulakwira ndimapepesa, amamva. Awa ndipepesa bwanji?"

Anakhala pansi, anatenga lambayo, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Bwezeretsa mmene zinalili. Taona, masambawa akukumbukira." Zinali zoona. Timasamba tomasukato tinali tikadali ndi mapindo, pamene zala zanu zinatipinda. Munthu wotsatira mapindowo akhoza kubwezera kalikonse pamalo pake, ndi kulakwa komwe.

Ndakhala ndikuyesa kuyambira Lachisanu. Amayi, sindinadziwe kuti kulakwitsa n'kovuta chonchi. Pindo likunena kuti kakuda kapite pansi, koma zala zanga zikukakweza pamwamba. Ndimabweza, ndimayambanso, ndimachita kunena mokweza ngati mwana wa sukulu: titatu pamwamba, kamodzi pansi. Ndikangoti ndapeza njira, ndimaona kuti nkhanga yatuluka yabwinobwino, ya zala zake zonse, ndipo si yanu. Masiku atatu ndabwezeretsa zala zinayi zokha. Choopsa n'chakuti chinyezi cha mvulayi chikufewetsa timasambato, ndipo mapindo akufafanizika. Lachisanu ankaoneka ndili chiimire. Lero ndikuchita kupita nawo pakhomo pamene pali kuwala. Ndikawasendeza kumbaula kuti aume, ndikuopa kuti athetheka poti ndi akale.

Aliyense wandipatsa nzeru zake. Mkamwini wanu anati, "Amake Yakobe, mkeka ndi wogonapo, ndipo anthu akagona amatsinzina." Ndinawayankha kuti azakhali a Mandla sadzabwera kudzagona. MaSibanda akuti tsiku loyala tidzakhazike khanda la Yakobe pa mzere wokhotawo, ndipo wina akafuna kulichotsa tidzalitsine kuti lilire. Tinaseka, koma nzeru imeneyo ndi ya tsiku limodzi, pamene mkekawo ukakhala kumeneko zaka.

Lute ndinamuonetsa dzulo pochokera kutchalitchi. Sindinafune kumubisira, poti manyazi akabwera adzagwera iyeyo. Anayendetsa chala pa nkhanga zobalalikazo n'kufunsa kuti, "Mama, gogo ankaluka osaona?" Ndinati inde. Anati, "Nanga ankalukira ndani?" Ndinati sindikudziwa, mwana wanga, mwina ankangoopa kukhala manja ali chete. Kenaka anati, "Sokani momwemo. Ndine ndidzagonepo." Koma ine ndikumudziwa. Mwanayu amawaopa azakhali aja. Sabata yatha anandifunsa kawiri ngati amagwada bwino.

Tsono ngakhale Lute wavomera, mwini ntchito ndinu, ndipo ine ndikukudziwani. Ndikukumbukira chaka chimene ndinaluka lamba wanga woyamba wautali, mikwamba isanu ndi umodzi, ndikubwera naye kwa inu ndikunyadira. Munapeza kasamba kamodzi kolowa molakwika pafupi ndi poyambira, ndipo munandiuza kuti ndimasule yense. Ndinalira tsiku lonse. Munati, "Mkeka umapita kumene mwini wake sadzafikako, ndipo ukafika umanena za iye." Munkatinso, "Chokhota chako uwotche wekha, asakuwotchere anthu." Moyo wanu wonse simunatulutse pakhomo chinthu chokhota. Ndiye ndikadzifunsa chimene mukanafuna, ndimamva mawu anu akuti, masula, mwana iwe, usandichititse manyazi kwa anthu achilendo. Milaza yake ndi yabwino, ndikhoza kumasula mkono wonsewo n'kuulukanso bwino tsiku limodzi, ndipo azakhaliwo sangapeze pogwira.

Koma Amayi, ndikamasula, chitsala n'chiyani? Poyambirira paja, polimba paja, ndi inu amene aliyense ankakudziwani. Mkono wokhotawo ndi inu amene ine sindinakuoneni, amene ndinalephera kubwera kudzakutungirani madzi. Ndi pokhapo pamene ndingakhudze masiku amenewo. Usiku ndi usana ndimasinthasintha maganizo. Ndikamatsuka mbale ndimati ndimasula. Ndikakhala pansi n'kumugwira lambayo ndimati sindingathe.

Mukadaona mmene kunja kukuonekera pamene ndikulemba pano. Mvula yaleka pang'ono, ndipo nkhungu yatsika moti nyumba za tsidya la msewu zikuoneka ngati zikuyandama. Chithaphwi cha madzi chapangika pakhomo, ndipo m'menemo muli thambo loyera ndi miyendo ya anthu odutsa. Kwinakwake mayi wina akusinja, ndipo mtondo ukumveka ngati uli kutali kwambiri, kuseri kwa zaka. Tsiku ngati lino ndimakhulupirira kuti pakati pa kuno ndi kumeneko si patali. Mwina ndi chifukwa chake ndalimba mtima kulemba lero.

Kusoka mzere wotsiriza ndi kupinda m'mphepete kumanditengera masiku awiri, ngati ndikufuna kuti msoko ukhale wobisika. Katundu wa Lute anyamulidwa Loweruka m'mawa pa ngolo ya abulu. Ndiye kuti singano iyenera kulowa Lachinayi m'mawa, osapitirira. Kuyambira lero mpaka Lachitatu ndipitiriza kubwezeretsa zimene ndinamasula, mapindo akadaoneka, kuti chilichonse chimene munganene chipeze ntchito yanu ili yathunthu monga munaisiyira.

Ndikupempha yankho, Amayi. Ndimagona pang'ono masana ndikatha kudya, chitseko chili chotsegula, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba mumakhala mulibe munthu. Ngati mukufuna ndimasule, bwerani mudzangotambasula dzanja, ine ndidzakupatsani lambayo ndipo ndidzamva. Ngati mukulola kuti apite momwemo, mudzangokhala pansi pambali panga. Chonde musangokhala chete, chifukwa mukudziwa mmene ndilili: ndidzayamba kuganiza kuti kalata inasochera, kapena kuti mwakwiya.

Koma ngati Lachinayi lifika musanabwere, ndisoka momwemo, ndipo ndikulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku loyala ndidzaima pafupi ndi mkekawo. Azakhali aja akadzafika pa nkhanga zobalalikazo n'kuimitsa chala, sindidzadikira kuti ayang'ane Lute. Ndidzanena pamaso pa onse kuti mwanayu alibe mlandu, mzere uwu ndinaluka ndine, manja anandilakwira. Dzina lanu silidzatchulidwa pa chinthu chokhota. Ine sindinatulutsepo ntchito yolakwika chiyambire, ndiye kamodzi kokha aka ndikhoza kusenza.

Moni kwa abambo ngati mumaonana nawo, ndi kwa aphunzitsi, zikomo powerenga mpaka pano. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikudikira. Chonde, Lachinayi lisanache.

Ndine mwana wanu,
Esitere